Zomwe ndinaphunzira kwa a Bobba ku Glenhazel pa nkhani yoyamika Mulungu

Amayi anzanga muli kuno ku Joni, makamaka inu mwangopeza ntchito kwa Ayuda kapena mukuisaka, ndati ndilembeko zanga poti mafunso akuchuluka ndipo kuyankha mmodzimmodzi pa foni data ikutha. Ambiri mumafunsa za kukhitchini, zija za mbale za nyama ndi za mkaka, ndi zoti Lachisanu madzulo nyumba imasanduka bwanji. Ndizinenako kumapetoku, koma chimene chinandikhala mumtima ine ndi mapempheredwe a gogo amene ndinkawasamala, ndiye mundipirire ndiyambe ndi zimenezo.

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndine wa CCAP, mayi wa Chigwirizano, ndipo mpaka lero ndidakali komweko, pasapezeke wina wokauza abusa kuti uje watembenuka ayi. Ndipotu Ayuda sakopa anthu kuti alowe chipembedzo chawo, nthawi yonse imene ndinakhala m'nyumba ija palibe anandiuzapo kuti tiye ku shul, shul ndiye sunagoge wawo. Ntchito ndinaipeza ya stay in ku Glenhazel, dera lija Ayuda opemphera kwambiri anadzazana, kuphatikiza Sydenham ndi Sandringham, Loweruka m'mawa mumangoona mabanja akuyenda wapansi atatchena, abambo tizipewa pamutu, magalimoto ali phee m'magalaja. Gogowo anali atapitirira zaka 80 ndipo zidzukulu zinkawatchula kuti Bobba, ndi mmene Ayuda a kuno amatchulira agogo aakazi, nane ndinangotengera pomwepo. Bambo awo anachokera ku Lithuania cha m'ma 1920, ngati mmene anachitira makolo a Ayuda ambiri a mu South Africa, anafika lamulo la 1930 lisanatseke khomo, ndipo abale amene anatsala kumeneko anaphedwa mu 1941 nthawi ya Hitler. Zimenezi sankazikamba kawirikawiri, chithunzi chokha chinali pakhoma. Ana a Bobba wina ali ku Sydney wina ku Israel, kuno kunatsala mwana wamkazi mmodzi amene anali madamu wanga, mabanja ambiri ndi choncho, Ayuda mdziko muno anatsika kufika cha m'ma 50,000 pomwe kale ankapitirira 100,000, nchifukwa chake ntchito zosamala nkhalamba zimapezeka.

Ndiye m'mawa ndikalowa kuchipinda kukatsegula makatani, ndinkapeza milomo ikuyenda maso asanatsegule bwinobwino. Poyamba ndinkaganiza kuti akubwebweta kutulo. Kenako anandiuza kuti ndi kapemphero kotchedwa Modeh Ani, kachiganizo kamodzi basi, munthu amanena akangodzidzimuka asanatsike pabedi, asanasambe, asanagwire foni. Anandimasulira ndipo m'Chichewa chathu kakunena kuti ndikuyamika pamaso panu Mfumu yamoyo ndi yosatha, poti mwandibwezera mzimu wanga mwachifundo, kukhulupirika kwanu nkwakukulu. Mawu omalizawo ndinawazindikira, ali pa Maliro 3:23. Mwana wa zaka zitatu amakadziwa kale kapempheroka. Akatero ndinkawabweretsera beseni ndi kapu ya zogwirira ziwiri, amathira madzi dzanja ili kenako ilo mosinthanasinthana katatu, basi tsiku layamba.

Zimenezo sizinandidabwitse kwenikweni, nafenso timayamika podzuka. Chinandigwetsa ulesi ndi cha kuchimbudzi.

Panja pa toileti, pakhoma la mu pasejimo, panali kapepala kokutidwa ndi pulasitiki kolembedwa Chiheberi ndi Chingerezi. A Bobba akachoka kukadzithandiza, ndawasambitsa m'manja, ankaima ndi walker yawo pamenepo nkuwerenga kapepalako, ine nditawagwira mkono, nthawi zina 2 koloko usiku kukuzizira kwa mu June kuja ine tulo tili m'maso. Mkati mwa toileti sapemphera, amayamba atuluka. Ndinkaseka chamumtima kuti koma abale, mpaka zimenezi kumuuza Mulungu? Kwathu nkhani ya kuchimbudzi sitiitchula nkomwe pagulu, timangoti ndikaone kuseri. Tsiku lina ndinawerenga Chingerezicho ndekha. Dalitsoli amalitcha Asher Yatzar ndipo likuchokera mu Talmud, mabuku akale a arabi awo, ndiye kuti anthu akhala akulinena zaka zoposa 1,500. Likunena kuti wodala ndinu Mulungu amene munaumba munthu mwanzeru, munamuikira mabowo ndi tinjira tambirimbiri m'thupi, ndipo nzodziwika pamaso pa mpando wanu waulemerero kuti katatseguka kamodzi koyenera kutsekeka, kapena katatsekeka koyenera kutseguka, munthu sangakhale moyo nkuima pamaso panu. Limathera poti ndinu wochiritsa thupi lonse ndi wochita zodabwitsa.

Ndinaona kuti mawu ndi abwino koma kumvetsa ndinamvetsa atagwa nkuthyoka fupa la m'chiuno. Anawapanga opareshoni, anakhala ndi kapaipi ka mkodzo, ndipo mankhwala opha ululu aja amamanga m'mimba koopsa, amene munasamalapo odwala mukudziwa. Masiku anadutsa osachita chimbudzi, mimba gwaa, gogo akulira ngati mwana, ine ndikusisita, ma prune, madzi ofunda, mankhwala a dokotala, zonse. Tsiku limene zinatheka nyumba yonse inasangalala, madamu mpaka kuimbira foni ku Sydney. Ndiye gogo ali pa wilitcheya anati ndikankhire pa kapepala paja, anawerenga pang'onopang'ono mawu akunjenjemera, ine ndinangopezeka ndayankha Amen mokweza. Kuyambira pamenepo ine ndikatuluka kuchimbudzi ndimati zikomo Ambuye zonse zikuyenda, ndipo sindichita nazo manyazi. Pitani ku wodi ya anthu a impso mukaone amene akudikira makina a dialysis, mukabwerako mudzandiuza ngati kukodza ndi nkhani yaing'ono.

Chakudya nachonso chili ndi madalitso akeake, osati limodzi lokuta zonse ngati lathu lija la dalitsani chakudyachi. Buledi ali ndi lake, vinyo lake, chipatso cha mumtengo lake, zomera m'nthaka lake, ndiye pali lina la zotsala monga madzi, nyama, nsomba, mazira, tiyi. Ndiye kuti usanaike kanthu mkamwa uyenera uyambe waganiza kuti kodi chimenechi chachokera kuti. Tinakanganapo za nthochi kkkk. Ine ndinati nthochi ndi mtengo, kwathu ili kuseri kwa nyumba yaitali kuposa denga. Iwo anati ayi, imalandira dalitso la zomera m'nthaka, chifukwa thunthu lake likabereka limafa, chaka china imaphuka ina pansi. Ndinakhala chete poti nzoona, ndadula ndekha makungwa a nthochi yobereka kale kangati, koma sindinaganizepo. Akadya buledi nkukhuta pali pemphero lalitali la pambuyo pa chakudya, ndipo limenelo anandionetsa m'Baibulo langa lomwe, Deuteronomo 8:10, kuti ukadya nkukhuta uyamike Yehova Mulungu wako. Anati wanjala kupemphera savuta, wovuta ndi wokhuta. Mango oyamba a chaka, diresi yatsopano, pali dalitso lake lothokoza kuti tafika nawo nyengo ino tili moyo. Bingu likagunda, mvula za ku Joni zija za masana, lilipo. Utawaleza lilipo. Mu Talmud momwemo Rabbi Meir anati munthu azinena madalitso 100 pa tsiku, ndipo ukawerengera mapemphero atatu a tsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, kuphatikiza za kudya ndi za kuchimbudzizi, nambala imakwanadi.

Apa ndiye panali funso langa lalikulu, ndipo ndinawafunsa mosabisa poti tinali titazolowerana. Ndinati a Bobba, mawu omwewomwewo tsiku ndi tsiku, owerenga m'buku, kodi zimachoka mumtima? Ife tinaphunzitsidwa kuti pemphero lenileni ndi lochoka mumtima, lobwerezabwereza ndi la Afarisi. Ndinanena mawu amenewo ndisanaganize kuti ndikuyankhula ndi ndani, koma anangoseka. Anati masiku ambiri sizichoka mumtima, pakamwa pamayenda mutu uli ku mtengo wa magetsi. Koma anati ukamadikira kuti mtima ufune kaye ndiye uyamike, uyamika kangati pa chaka? Iwo amati kuika mtima pa pemphero ndi kavanah, ndipo ndi chinthu chimene umalimbana nacho moyo wonse, lero chabwera pa mzere umodzi, mawa osabwera, koma nthawi ya pemphero ikakwana umaimabe. Anati tsiku limene amuna awo anamwalira analibe mawu ngakhale amodzi a iwo eni, koma a m'buku analipo, anawanyamula ndi amenewo.

Ineyo ndinadziyang'ana. Mapemphero anga nthawi imeneyo anali mndandanda wa zofuna basi, Ambuye permit, Ambuye fizi ya mwana, Ambuye feteleza kumudzi, Ambuye landi ikwere kwacha itsike, ndikamaliza mu dzina la Yesu amen. Zikayenda ndimayamika Lamulungu ndi chopereka, zikapanda kuyenda ndimakwiya mwakachetechete nkusiya kupemphera sabata ziwiri. Sikuti kupempha nkolakwa, pemphero lawo lalikulu limene amanena ataimirira, Amidah, pakati pake ndi zopempha zokhazokha, nzeru, chikhululukiro, machiritso, mvula ndi zokolola. Koma limayamba ndi kutamanda, ndipo chakumapeto pali gawo loyamika pomwe amawerama, tsiku lililonse, kaya zopempha za dzulo zayankhidwa kaya ayi. A Bobba ankalinena atayang'ana kumpoto, komwe kuli Yerusalemu ukakhala ku Joni, monong'ona, milomo yokha. Anati zimenezo anatengera kwa Hana mayi wa Samueli, 1 Samueli 1:13, uja Eli anamuyesa woledzera. Ndinakondwa kumva kuti kapempheredwe ka amuna onse aja a ndevu ku shul anakaphunzira kwa mayi wosabereka amene ankalira. Ukawapeza ali pa pemphero limeneli usawayankhule, sayankha ngakhale foni ilire bwanji, dikirani abwerere m'mbuyo masitepe atatu ndiye kuti amaliza.

Pali nkhani ina anandiuza tikusenda mbatata imene mpaka pano ndimaikamba ku Chigwirizano. Pa Eksodo 7:19, mliri woyamba uja madzi kusanduka magazi, Mulungu akuuza Mose kuti uza Aroni atenge ndodo atambasule dzanja pa madzi. Bwanji osati Mose mwini wake? Ine ndawerenga ndimeyi kuyambira ku Sande sukulu osafunsapo. Mphunzitsi wawo wamkulu Rashi, wa ku France amene anamwalira mu 1105, analemba kuti Mose sakanamenya mtsinje umene unamusunga ali khanda mu kabasiketi kaja. Madzi samva, sadziwa kuti wina wawathokoza, koma munthu amene wazolowera kumenya chimene chinamuthandiza amaonongeka ndi iyeyo. Kuzindikira zabwino zimene walandira amati hakarat hatov ndipo kwa iwo sikuthera kwa Mulungu, kumafika kwa dalaivala, kwa nesi, kwa wotaya zinyalala. Zathu zomwe zija zoti uyamike bwato pamene wawoloka, koma iwo anazipanga kukhala phunziro loti mwana azilimva kusukulu.

Tsono musaganize kuti ndinkakhala ndi mngelo. A Bobba anali ovuta, pakamwa pakuthwa, tiyi akazizira pang'ono umva, thaulo ukaipinda mwina umva, ndipo ululu ukawagwira ankatha kukunena mawu oti ukalowa kuchipinda kwako ulire. Munthu yemweyo wa madalitso 100. Ndipo ndikudziwa amayi ena amene akugwira m'nyumba zopemphera kwambiri koma malipiro ake omvetsa chisoni, off kulibe. Anthu ndi anthu, ngati mmene kwathu mkulu wa mpingo amatha kumana waganyu ndalama yake. Kusiyana kumene ndinakuona nkoti gogowa ankadziwa vuto lawo ndipo ankalimbana nalo ngati ntchito. Mu drowa ya pafupi ndi bedi munali kakope, usiku ankalembamo mizere iwiri itatu. Anati bambo awo anawaphunzitsa, ndi mwambo wa Mussar umene anayambitsa Rabbi Israel Salanter ku Lithuania komweko, amene anamwalira mu 1883. Umasankha makhalidwe 13, monga kuleza mtima, kunena zoona, kudzichepetsa, kusunga pakamwa, ndiye sabata iliyonse umayang'ana limodzi lokha, usiku nkulemba pomwe wagwa ndi pomwe wayesetsa. Akatha 13 uyambiranso, pa chaka ndiye kuti lililonse walibwerera kanayi. Ndinawafunsa kuti zaka zonsezi mkwiyo sunathebe? Anati ukanandiona ndili ndi zaka 40 ukanathawa tsiku loyamba. Amanena kuti Salanter yemweyo ankati kusintha khalidwe limodzi nkovuta kuposa kuphunzira Talmud yonse.

Nkhani ya Salanter imene inandikhudza ine monga wantchito ndi ya madzi. Amati tsiku lina anaitanidwa kukadya kwa munthu wolemera, ndipo posamba m'manja asanadye buledi, mwambo umene ena amathira madzi ambiri kusonyeza kudzipereka, iye anathira ochepa okwanira lamulo basi. Atamufunsa anati ndaona mtsikana wantchito akusenza madziwa kuchokera kuchitsime, sindingaonetse kupemphera kwanga pa mapewa a iyeyo. Amene tinakula tikusenza ndowa kuchokera ku mjigo, nkhani imeneyi siifuna womasulira.

Ndiye ikafika nyengo ya September pali mwezi wawo wa Elul, kenako chaka chatsopano Rosh Hashanah, pa tsiku lakhumi la chakacho Yom Kippur, tsiku la chitetezo lija la pa Levitiko 16, amasala maola 25 osadya osamwa ngakhale madzi, kupatula odwala amene dokotala wawaletsa. Chaka changa choyamba, kutatsala tsiku limodzi, gogo anandiitana nkundiuza ndikhale pampando. Ndinati basi ntchito yatha. Anayamba kutchula, tsiku lakuti ndinakukalipira pamaso pa alendo chifukwa cha supu, tsiku lakuti ndinakunena kuti wataya ndolo yanga pomwe inali mu thumba la gauni, sindinapepese, ndikupempha undikhululukire. Ine manyazi, munthu wamkulu ngati ameneyu, mzungu, bwana, kwathu wamkulu salakwa, akalakwa amangokugulira chitenje nkhani yatha. Ndinati palibe kanthu a Bobba. Anati ayi usati palibe kanthu, kanalipo, unene ngati wakhululuka. Anandifotokozera kuti chiphunzitso chawo chimati Yom Kippur imafafaniza zimene walakwira Mulungu, koma zimene walakwira munthu mnzako Mulungu sazikhudza mpaka upite kwa mwini wake, ndipo akakana ubwererenso mpaka katatu. Ndinakhululuka, koma ya ndolo ija ndinawauza kuti inandipweteka kwambiri chifukwa dzina la wakuba kwa ife obwera likakumata sulichotsa. Anamva. Chaka chotsatira mndandanda unalipobe koma za kundiganizira kuba sizinachitikenso.

Pomwepa ndinene za malipiro chifukwa ena mungamve ngati ndikuti tizingoyamika nkukhala chete. Ayi. Mu chilamulo chawo chomwecho, Deuteronomo 24:15 ndi Levitiko 19:13, muli lamulo loti waganyu umulipire tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo opemphera enieni amalitenga mwamphamvu. Ntchito itakula gogo atasiya kuyenda, kudzuka usiku kangapo, kuwanyamula, matewera, ndinapita kwa madamu nkunena kuti ndalama ija inali ya munthu woyenda yekha, pano zasintha. Tinakambirana, anawonjezera, anapezanso wina wa usiku wa kumapeto kwa sabata. M'mawa mwake ndinayamika Mulungu podzuka ngati masiku onse, ndipo ndikanayamikabe akanakana, kenako nkuyamba kusaka ntchito ina. Ayudawo ndi akatswiri odandaula kwa Mulungu, Masalimo ambiri ndi madandaulo, Abrahamu anatsutsana naye za Sodomu, ndipo gogo ankatha kuyang'ana kudenga nkunena kuti mwandisungiranji mpaka zaka zimenezi, kenako nkupempha madzi nkunena dalitso lake asanamwe.

Uthenga wa maliro a mchimwene wanga unandipeza ndili m'nyumba imeneyo, pa WhatsApp, m'bandakucha. Nditawauza, mawu oyamba kutuluka mkamwa mwawo anali Baruch Dayan HaEmet, kutanthauza wodala Woweruza woona. Ndi mmene amanenera akamva za imfa, poti Mishnah, buku lakale la malamulo awo, imati munthu adalitse Mulungu pa zoipa ngati mmene amadalitsira pa zabwino. Koma dalitso lake ndi losiyana, sanena kuti zikomo kapena kuti zachitika bwino, amangovomera kuti woweruza ndi Iyeyo, basi. Sanandiuze kuti usalire ali pabwino, sanandiuze kuti chinali chifuniro. Anandigwira dzanja nkukhala chete, kenako anati ndiuze za iyeyo, anali munthu wotani. Ndinakamba mpaka tiyi anazizira ndipo tsiku limenelo sanadandaule. Madamu anandithandiza ya basi. Nditabwerako, ulendo uja wa Tete, Nyamapanda, Beitbridge, gogo ananditsegulitsa Salimo 107. Anati muli magulu anayi a anthu oyenera kuyamika mwapadera, oyenda m'chipululu, otuluka m'ndende, ochira matenda aakulu ndi owoloka nyanja, ndipo kwa iwo munthu wotere amakaima ku shul pamaso pa anthu nkunena dalitso lake gulu nkuyankha. Ndinawerenga salimolo ndikuona nkhope za anthu athu, amene anayenda m'tchire usiku, amene anatsekeredwapo chifukwa cha mapepala, ndipo pano aliyense wa ku mpingo kwathu kuno akafika bwino kuchokera kumudzi ndimamutumizira limenelo.

A Bobba anamwalira m'nyengo yozizira, kunyumba, ndilipo. Maliro awo sachedwa, a Chevrah Kadisha, bungwe lawo limene lakhala likuika maliro mu Johannesburg kuyambira 1888, anabwera kudzatenga thupi, ndipo anaikidwa ku manda a Westpark mu bokosi la matabwa wamba losapaka vanishi, lofanana kwa olemera ndi osauka, maluwa kulibe. Ndinaganiza za ngongole zimene timalowa ife pogula bokosi kuti anthu asatiseke. Ana anang'amba malaya pachifuwa, aliyense anathira dothi ndi fosholo. Kenako masiku 7 a shiva, akhala pa timipando tatifupi, magalasi oonera aphimbidwa, anthu akubwera ndi chakudya, ndipo mlendo sayamba kuyankhula mpaka wofedwa ayambe, ngati anzake a Yobu aja asanayambe kulakwitsa. Madzulo amuna osachepera 10 ankasonkhana pa sitting room, mwana wamwamuna wa ku Sydney nkunena Kaddish, pemphero limene ofedwa amanena, ndipo anapitiriza miyezi 11. Ndinapempha mdzukulu andionetse tanthauzo lake, ndinkayembekeza mawu olira, koma mulibe ngakhale liwu loti imfa, ndi kukweza dzina la Mulungu kuyambira poyamba mpaka pomaliza nkupempha mtendere.

Pano ndikugwira kwina, kwa anthu osapemphera nkomwe, koma zina ndinapitiriza mwa Chikhristu changa. Sindinena Chiheberi, si changa. Ndinangomangirira kuyamika pa zinthu zimene ndimachita kale tsiku lililonse kuti ndisadalire kukumbukira kapena mmene mtima ukumvera, podzuka foni ndisanaigwire, potuluka kuchimbudzi, ndikakhuta osati ndisanadye pokha, ndikatsika taxi ndili wamoyo, ndalama ikalowa ndisanayambe kuigawa. Ndimatchula chinthucho dzina lake, osangoti zikomo pa zonse, chifukwa pa zonse ndi mawu amene umanena osaona kalikonse. Kakope ndili nako, makhalidwe anga ndi asanu okha, 13 inandichulukira, ndipo miseche ndi imene imadzaza masamba. Chaka chikamatha ndisanapite ku mgonero ndimaimba mafoni awiri atatu ovuta aja. Ena amadabwa, wina anandifunsa ngati ndapezeka ndi matenda.

Tsopano za ntchito zija ndinalonjeza. Nyama ndi mkaka sizikumana, mbale, mapoto, masipuni, masiponji, nthawi zina ndi masinki omwe, kawirikawiri zofiira ndi za nyama zabuluu ndi za mkaka, koma funsani tsiku loyamba ndipo chikasokonekera nenani msanga osabisa, amadziwa okha chochita, chimene sakhululuka msanga ndi kubisa. Chakudya chanu cha kunja musalowe nacho kukhitchini kwawo, kapenta wanu ndi nkhuku ya ku shopu dyerani mbale zanu kuchipinda kwanu. Mukatumidwa kogula yang'anani pa paketi chizindikiro cha Beth Din, bwalo la arabi limene limatsimikiza kuti chakudya nchololedwa kwa iwo. Dzira lililonse liswereni mu galasi kaye, likakhala ndi kadontho ka magazi amataya, ndipo masamba amatsukidwa nkuyang'anidwa tizilombo. M'nyumba zambiri sitovu kapena uvuni amayatsa mwini nyumba inu nkuphika, ndipo botolo la vinyo lotsegula musaligwire musanafunse. Zimenezi zinandiwawa poyamba, ndinkamva ngati akundiyesa wodetsedwa, koma lamulolo ndi la aliyense amene si Myuda, angakhale dokotala wawo kapena mzungu mnzawo.

Lachisanu ntchito yonse ithe dzuwa lisanalowe, mayi akayatsa makandulo basi Sabata yalowa mpaka nyenyezi zituluke Loweruka. Magetsi amakhala pa timer, madzi otentha mu urn, chakudya pa hot tray, kababu ka mu filiji amakazimitsiratu, ndiye musazimitse switch iliyonse poganiza kuti aiwala. Sakutumani mwachindunji kuti yatsa ichi, mumangomva wina akuti koma muno mwada bwanji, koma pa wodwala zimasintha, moyo ukakhala pa chiswe malamulo onse a Sabata amaima, ambulansi imbani osadikira chilolezo cha munthu. Pasaka wawo, cha mu March kapena April, ndiye ntchito yakalavula gaga, nyumba yonse kuikolopa kuchotsa nyenyeswa iliyonse ya buledi, mbale zonse kusintha, alendo usiku uwiri wotsatizana mpaka pakati pa usiku. Masiku a zikondwerero zawo amasuntha chaka ndi chaka chifukwa amatsata mwezi, ndiye pemphani kalendala kwa madamu mu January, ndipo za ovataimu ya Pasaka ndi ya September mugwirizane mwezi usanafike, zilembedwe pa WhatsApp.